Kwa Wokhala pa Desiki Yanga Masana

Nkhope yako sindiidziwa,
koma ndikudziwa kuti ndiwe wamanzere:
inki yako imadonthera mbali ya kuzenera,
kumene ine sindiikako ngakhale chigongono.

Ine ndine wam'mawa.
Ndimafika fumbi la msewu wa ku Likuni lisanadzuke,
akabaza akupopa matayala,
mlonda akupinda chikhothi chake.
Belu lathu ndi chitsulo cha gudumu la lole
chopachikidwa pa mtengo wa kesha.
Likalira komaliza timakhuthuka
ngati madzi a m'ngalande za ku Chinsapo,
ndipo inu a openi mumalowa
mipando ikadali yofunda.

Desiki iyi ndi yathu awiri,
ya mwendo umodzi waufupi.
Ine ndimauchirikiza ndi pepala lopinda,
m'mawa ndimapeza waikapo chitsekerero cha botolo.
Chako ndiye chimalimba.

Lachiwiri kuli kalabu ya sayansi:
maikulosikopu imodzi, ife makumi asanu ndi atatu.
A Chikaonda amati,
diso limodzi, masekondi khumi, wina abwere.
Ndinaona khungu la anyezi
litasanduka mpanda wa njerwa.
Kodi inu amakuonetsani,
kapena kabati amaikiya pochoka?

Lachinayi ndi la mtsutso.
Mutu unali wakuti wosiya sukulu asabwererenso,
ndipo anandiika mbali yovomereza.
Ndinaima, tayi yobwereka kwa Mzati ili pakhosi,
ndinati madzi akatayika sawoleka.
Holo yonse inaomba m'manja.
Mayi Nkhwazi anandipatsa makope awiri
ndi cholembera chofiira chachitsulo.
Ndinayenda khosi lili gwa mpaka kunyumba.

Lolemba lake ndinapisa dzanja m'desiki
kufuna kope la masamu lomwe ndinaiwala.
Ndinatulutsa kasokosi.
Kachikasu, kosalowa zala zanga zitatu,
ndi khadi la kusikelo lopindika m'makona:
Ndaona, makilo asanu ndi atatu,
mzere ukukwera pang'onopang'ono
ngati njinga ya makala pachitunda.

M'kope langa, tsamba lomaliza,
samu ija inandizunguza mutu masiku anayi
inali itathetsedwa ndi pensulo,
zilembo zopendekera kumbuyo,
ndipo m'munsi mwake munalembedwa:
"Unaiwala kusintha chizindikiro. Usamathamange."

Tsikulo za jogalafe sindinazimve.
Ndinkangowerengera ndekha:
umadzuka nthawi yanji,
umamusiyira ndani belu likalira,
ndipo usiku magetsi akazima
nyali ya foni imawalira buku
kapena iye?

Ndikanatha kudikira pageti kuti ndikuone.
Mzati akuti ndi wa nsapato zabuluu uja,
Tionge akuti ayi, ndi wamtali wokhala phee
amene amagulitsa zitumbuwa pa siteji m'mawa.
Sindinadikire.
Ndinaopa kuti mwina unali pazenera la holo tsiku lija
pamene manja ankandiombera.

Mayeso a fomu folo atsala masabata asanu ndi anayi.
Akuti tidzalembera m'holo imodzi,
am'mawa ndi amasana,
aliyense ndi nambala yake, dzina pambali.
Woyang'anira akadzati yambani,
ine ndidzayamba ndaponya maso mizere yonse
kufuna wogwira cholembera kumanzere.

Pakadali pano kasokosi ndakaika pakona,
m'kajumbo kuti kasade.
Khadi ndaliwongola ndi buku la fizikisi.
Cholembera chofiira chija chili pambali pake,
sichidontha,
ndipo kwa ine chayamba kulemera m'thumba.

Ukatsegula tsamba lotsatira upeza samu ina,
nambala seveni.
Ndayesa kawiri,
chizindikiro ndasintha,
sindinathamange,
ikukanabe.